Ndikuchapa Madola ku Mufakose

Loweruka m'mawa ndimachapa madola.
Usaseke, Ndaziona.
Dola ikazungulira m'makombi a ku Mbare
imabwera yakuda bii, yofewa ngati thewera lakale,
nkhope ya mzungu uja itafufutika,
maso okha akuyang'anabe.
Ndimaiviika m'beseni, kasopo pang'ono,
n'kuiyanika pa waya ndi zopanira za malemu mayi ako.
Ndimakhala pomwepo mpaka iume,
poti ana a kwa Marufu ali ndi manja aatali.

Dzulo unaimba kuchokera ku Ohio
uli pa siteji ya basi, chisanu chikukudula mawu.
Unati ofuna mavoti kumeneko alonjeza:
ngongole ya sukulu adzakhululuka,
macheke adzatumiza khomo ndi khomo,
lendi adzaimanga kuti isakwere.
Unali wokondwa. Ine ndinangoti eya.
Mayunitsi anatha ndisanayankhe.

Ndiye tamvera.

M'sutikesi ya agogo ako, ija anabwera nayo kuchokera ku Dedza,
muli mapepala a mabiliyoni, a mathililiyoni,
maziro ondondozana ngati linthumbu.
Chaka chija ndinasoka nsapato mwezi wathunthu pa Siyaso,
malipiro ndinanyamulira m'jumbo,
pofika m'tauni sanakwane buledi.
Amalume ako anakalambira ku njanji,
penshoni yawo inagula mazira atatu,
limodzi linali lovunda.
Nafenso anatiuza kuti mitengo aimanga.
Anaimangadi.
M'sitolo munangoti mbee,
munatsala mlonda ndi ntchentche.

Boma lilibe munda, mwanawe.
Likakupatsa, latapa m'nkhokwe ya wina,
ikatha iyo limatapa ya mwana wako
amene sanabadwe n'komwe.
Amati mlandu suola.
Ngongole ndi mphwake.

Udzati ndikulankhula ngati azibambo a matayi ofiira
amene umawazimitsa pa wailesi.
Kaya. Sindiwadziwa.
Mwina ndikanafika pakhonde pawo sakanandipatsa mpando.
Koma akati msonkho ukalemera nyundo imagona,
dzanja langali limavomera lokha.
Ndinawerengapo makhobidi madzulo
n'kupeza kuti tsiku lonse ndagwirira wa malisiti.

Ndipo unandiuza wekha za nkhalamba zimene umasambitsa,
za mayi uja wa pa windo
amene amapesa tsitsi Lamulungu lililonse
kudikira galimoto imene siikhota.
Bedi lake walipira ndi boma, mankhwala boma,
ngakhale maluwa a patebulo.
Koma cheke sichiti odi pakhomo.
Cheke sichimufunsa kuti mwagona bwanji.
Unati tchalitchi cha pa msewu wanu anachigulitsa,
pa guwa akugulitsirapo khofi.
Ndinaseka nawe, koma usiku tulo sindinatione.

Mayi ako anaikidwa ndi sosaiti yathu ya maliro,
anthu a ku Dedza, a ku Ntcheu, a ku Tete,
dola dola mwezi uliwonse m'kabuku ka Nachisale.
Fomu sitinalembe.
Bokosi linabwera dzuwa lisanalowe,
amayi anaimba mpaka tambala.

Voti si yanga, ndikudziwa.
Ndine wosoka nsapato wobadwira dziko la eni,
wokalambira dziko la eni,
ndikuweruza dziko lachitatu limene sindidzalipondako.
Koma makina osindikiza akalira ku Washington
mafuta ophikira amakwera pa Mbare Musika.
Ndalama yawoyo ndi imene ili pa waya wangayu.
Yathu tinaiika m'manda tokha, tikuwomba m'manja.

Ukadzalowa m'kachipinda kovotera,
ngati mapepala ako adzakhale atatuluka,
usadzafunse kuti andipatsa chiyani.
Udzafunse kuti achitenga kuti.
Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe,
ndipo mnzakoyo ndi bambo ako.

Basi. Mphepo yayamba.
Imodzi yagwera m'matope pafupi ndi mpopi.
Ndikaichapenso.